Kodi mchenga wa ku Zanzibar ndi wa mahotela okha? Yankho kwa mayi wa ku Lizulu

Talandira kalata iyi kuchokera m'boma la Ntcheu: "Ndine mayi wa ku Lizulu ndipo ndimachita bizinesi yokaoda zitenje ndi nsapato ku Dar es Salaam. Patchuthi cha mu Ogasiti tikufuna kupita limodzi ndi bambo akunyumba ndi ana athu awiri, wina wa zaka 12, wina wa zaka 7, ndipo tikatha kuoda tiwolokere ku Zanzibar masiku atatu kuti anawa akaoneko nyanja ya mchere. Ndalama zogonera m'mahotela akuluakulu tilibe, tidzafikira kunyumba ya alendo yotsika mtengo. Mnzanga wina wandiuza kuti magombe onse abwino anagulidwa ndi mahotela ndipo alonda amathamangitsa anthu ngati ife. Kodi ndi zoona? Nanga pali malamulo ena oti tiwadziwe? Anawa anasambako ku Senga Bay kokha, ndipo wamng'onoyo satha kusambira."

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: pitani ndi anawo, mchenga mukaupondadi ndipo madzi mukawakhudza popanda kulipira hotela iliyonse. Ndagwira ntchito yoperekeza alendo kwa zaka zambiri, kunyanja yathu ino komanso kugombe la Tanzania, ndipo funso lanu ndalimva kwa anthu ambiri a kumudzi kuno. Chomwe ndaona n'chakuti ambiri amanyamuka akuopa mlonda wa hotela, pamene choyenera kuchiopa ndi madzi enieniwo, omwe khalidwe lake n'losiyana kotheratu ndi la nyanja ya Malawi. Ndiyankha za alondazo poyamba popeza ndizo zakuvutitsani maganizo, koma mbali yaikulu ya yankho langa ikhala pa madzi.

Malinga ndi lamulo la za malo la ku Zanzibar la chaka cha 1992, malo onse pazilumbazo ndi a boma, ndipo mahotela amangobwereka malo omwe amangapo kwa zaka zomwe agwirizana. Chomwe hotela imalamulira ndi zomwe zili m'kati mwa malire ake: nyumba, dziwe losambiramo, mipando yogonapo, maambulera, zimbudzi ndi njira yodutsa pabwalo pake. Mchenga wa m'munsi, womwe madzi amafikapo akadzaza, anthu onse amayendapo, ndipo mudzadzionera nokha asodzi akukokerapo mabwato, amayi akusenza mitolo ya ndere za m'nyanja zomwe amalima, ana a m'mudzi akumenya mpira madzulo, onsewo akudutsa kutsogolo kwa mahotela odula kwambiri. Choncho mnzanuyo wanena zoona pang'ono chabe. Vuto lenileni si kuletsedwa kukhala pamchenga, koma kupeza polowera, chifukwa m'malo ena mahotela anandandalikana motsatizana ndipo tinjira topita kunyanja tinatsala tochepa. Mukafika kunyumba ya alendo, funsani mwini wake akulozereni njira yomwe anthu a m'mudzimo amadzera, ndipo musayese kudulira pageti pa hotela, pakuti pamenepo mlonda akakubwezani ali ndi ufulu wonse.

Sindikubisirani kuti alonda ena amati akaona munthu wakuda ali pafupi ndi mipando ya alendo awo amamuyesa wogulitsa malonda ndipo amamuuza kuti asunthe. Zimenezi zimapweteka mtima, makamaka ana akuona, ndipo ine sindiziona ngati zazing'ono. Zikakuchitikirani, muuzeni modekha kuti ndinu alendo, tsikirani kumchenga wonyowa ndi kuyala chitenje chanu poteropo, osakhala pamipando yawo kapena pamthunzi wa maambulera awo. Ngati akukuthamangitsanibe ngakhale pamenepo, musakangane naye, koma kauzeni mwini nyumba yomwe mwafikira kapena apolisi a m'deralo. Malo ena odyera a m'mbali mwa nyanja amalola banja kukhala pamipando yawo tsiku lonse likagula chakudya kapena zakumwa, ndipo kwa inu amene muli ndi ana njira imeneyi ndi yabwino chifukwa mumapezanso chimbudzi ndi posungira katundu. Ingofunsani mtengo musanakhale. Kuli malo ochepa omwe ndi oletsedwadi, monga kachilumba ka Mnemba kumpoto chakum'mawa, komwe amatsikako ndi alendo ogona kumeneko okha, ngakhale mabwato amaloledwa kufika m'madzi ozungulira.

Za mapepala ndidutsapo mwachangu chifukwa njira ya ku Songwe mukuidziwa kale. Zanzibar ndi mbali ya Tanzania kuyambira m'chaka cha 1964, koma ili ndi boma lakelake pa nkhani za m'kati, ndipo mukatsika sitima amaonanso pasipoti ya munthu aliyense, kuphatikizapo ana, choncho musasiye mapasipoti kumalo ogona ku Dar es Salaam. Kuyambira pa 1 Okotobala 2024 boma la Zanzibar linalamula kuti alendo ochokera kunja azigula inshuwalansi ya paulendo ku kampani ya inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, ndipo mtengo womwe unalengezedwa poyamba unali madola 44 a ku America pa munthu wamkulu. Funsani ku ofesi yogulitsa matikiti a sitima kuti mtengo wa banja lanu ndi wotani panthawi yomwe mukupita, kuti ndalama imeneyi isakudzidzimutseni mutafika kale padoko. Matikiti gulani pawindo la ofesi yeniyeni, osati kwa anyamata omwe amakuthamangirani pamsewu. Ulendo wa pamadzi umatenga pafupifupi maola awiri, ndipo mu Ogasiti, pomwe mphepo ya kumwera yotchedwa Kusi imaomba m'miyezi yomweyo yomwe kwathu kuno kumaomba mwera, sitima ya m'mawa ndiyo imayenda mosagwedezeka kwambiri. Anthu a kumeneko sanaiwale ngozi za sitima ziwiri, MV Spice Islander mu Seputembala 2011 ndi MV Skagit mu Julayi 2012, zomwe zinamira ndi kupha anthu ochuluka, choncho mukakwera onani pomwe pali majekete oyandamitsa ndipo musachite manyazi kufunsa a ana.

Tsopano tibwere ku madzi. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika potsata nyengo, mwakuti pomwe mwasiya nsapato m'mawa ku Senga Bay mudzazipeza pomwepo madzulo. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Kuchokera pomwe madzi aphweratu kufika pomwe adzaziratu pamapita maola asanu ndi limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawi imeneyi imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, kotero kuti zomwe mwaona Lolemba 10 koloko sizidzakhala chimodzimodzi Lachitatu 10 koloko. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, madzi amaphwa kwambiri ndi kudzazanso kwambiri, ndipo ku Zanzibar kusiyana kwake kumatha kuyandikira mamita anayi, msinkhu woposa anthu awiri aatali ataimirirana pamapewa.

Kugombe la kum'mawa, ku Paje, Jambiani, Bwejuu, Kiwengwa ndi Matemwe, pansi pa nyanja ndi posendeka pang'onopang'ono, moti madzi akaphwa amathawa mtunda wautali, pena kufika kilomita, n'kusiya mchenga woyera ndi timadziwe tosazama. Ndi pamenepa pomwe alendo amanyengeka. Amayamba kuyenda kulondola madzi, ana akutola tizinthu, kujambula zithunzi, osazindikira kuti nyanja yatembenuka. Madzi pobwerera sabwera ngati mzere umodzi wochokera kutsogolo kwanu. Amayamba kudzaza m'makwawa ndi m'malo otsika, ena mwa iwo ali kumbuyo kwanu, pakati pa inu ndi kumtunda, ndipo m'maola apakati amakwera mofulumira kuposa poyamba. Khwawa lomwe munaliwoloka madzi ali m'mapazi mutha kulipeza lafika m'chifuwa, ndipo kwa mwana wa zaka 7 pamenepo ndiye kuti amumiza mutu. Langizo langa, lomwe sindilisintha kwa mlendo aliyense, ndi lakuti tsiku lililonse m'mawa mufunse nthawi yomwe madzi aphweretu, muyambe kuyenda madzi akadali kuphwa, ndipo nthawi yophweratuyo ikangokwana mutembenuke kubwerera kumtunda ngakhale kutsogolo kukuoneka kouma. Amayi olima ndere aja ndiwo wotchi yanu yodalirika: mukaona akumanga mitolo ndi kuyamba kubwerera, inunso bwererani. Ndipo musaponde m'minda yawo, yomwe imadziwika ndi tizikhomo ndi zingwe, chifukwa ndi momwe amapezera chakudya cha ana awo.

Pofunsa nthawi samalani zinthu ziwiri. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, choncho onetsetsani kuti foni yasintha. Komanso pa Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira m'mawa dzuwa likatuluka, mwakuti msodzi akati ola lachinayi akunena 10 koloko. Mupempheni akulozereni pawotchi kuti mumvane bwino.

Kudzaza kwa madzi kumatsekanso njira m'mbali mwa gombe. Pakati pa Nungwi ndi Kendwa, mwachitsanzo, anthu amayenda pamchenga madzi akaphwa, koma akadzaza amafika mpaka pamatanthwe ndi pamakoma a mahotela, ndipo amene wachedwa amapezeka wapanikizika popanda pokwerera. Chimodzimodzi ndi Nakupenda, mulu wa mchenga womwe uli pakati pa madzi pafupi ndi Stone Town, dera lakale la tauni ya Zanzibar, komwe mabwato amatengerako alendo: madzi akadzaza umamira, ndipo moyo wanu umadalira kuti mwini bwato ndi munthu wosunga nthawi.

Mutandifunsa komwe ndingatengere banja ngati lanu mu Ogasiti, ndingasankhe kumpoto, ku Nungwi kapena Kendwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Stone Town, komwe mutha kufikako pa minibasi zomwe amati daladala. Kumeneko madzi sathawa patali ndipo mbali imeneyo ndi yobisika ku mphepo ya Kusi. Koma ubwino womwewo uli ndi vuto lake, chifukwa pansi pamatsetsereka msanga ndipo mukangoyenda mapazi ochepa madzi amakhala akuya, komanso pamadutsa mabwato a injini ambiri. Ku Paje m'miyezi imeneyi kumadzaza anthu othamanga pamadzi mokokedwa ndi makaiti akuluakulu, ndipo zingwe zawo ndi liwiro lawo si zabwino kwa mwana amene akusewera m'madzi osaya. M'tauni ya Stone Town musasambe, popeza ndi padoko ndipo madzi ake si aukhondo. Madzulo ku Forodhani, paki ya m'mbali mwa nyanja m'tauni momwemo, mudzaona anyamata akudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma anthu akuwaombera m'manja. Mwana wanu wamkuluyo adzasirira, koma anyamata aja anakulira pomwepo ndipo amadziwa nthawi yomwe pansi pali madzi okwanira, pamene mlendo atha kukagunda mutu pamwala.

Magombe ambiri alibe anthu olembedwa ntchito yopulumutsa omira, choncho mlonda wa ana anu ndinu ndi bambo awo. Mwana wosatha kusambira akhale pamtunda woti mutha kumugwira mutangotambasula dzanja, ndipo asapitirire pomwe madzi amufika m'chiuno. Gawanani ntchito momveka, kuti wina akamajambula kapena kugula chakudya mnzake akhale akuyang'ana ana ndipo adziwe kuti ndi nthawi yake, chifukwa ana ambiri amamira akuluakulu ali pomwepo, aliyense akuganiza kuti mnzake akuona. Musasiyire wa zaka 12 udindo woyang'anira mng'ono wake m'madzi. Munthu amene akumira kawirikawiri sakuwa kapena kukupiza manja monga ambiri amaganizira. Amangoti mutu tumphu, kenako n'kubira, kukamwa kuli pamlingo wa madzi, osatha kutulutsa mawu. Matayala opopa ndi tizidole toyandama si zodalirika, popeza mphepo imatha kuzikankhira kwakuya mwana ali pomwepo. Ngati mungathe, bwerekani jekete yoyandamitsa ya msinkhu wake yomanga ndi malamba.

Palinso madzi okoka, omwe amapezeka pomwe madzi obwera ndi mafunde amabwerera kwakuya kudzera pampata wopapatiza, makamaka m'mipata ya matanthwe a pansi pa nyanja madzi akamaphwa. Malo otere amanyenga chifukwa amaoneka odekha, opanda mafunde osweka, pena madzi ake akuda kapena avundu poyerekeza ndi a m'mbali. Bambo akunyumba ngati amatha kusambira auzeni kuti akamva kuti akukokedwa asalimbane ndi madziwo polunjika kumtunda, chifukwa adzatopa asanafike. Ayandame chagada, akweze dzanja kuitana thandizo, ndipo asambire cham'mbali motsata gombe mpaka atatuluka m'njira ya madziwo. Wina akakokedwa inu muli kumtunda, musadziponyemo ngati simuli katswiri, koma kuwani, itanani asodzi, ndipo muponyereni chinthu choyandama, ngakhale chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Mowa ndi kusambira siziyenderana, ndipo usiku musalowe m'madzi konse.

Ng'ona, mvuu ndi likodzo, zomwe timachenjezana kunyanja yathu, m'madzi a mchere a pagombe simudzakumana nazo. Zoopsa za kumeneko zili pansi pomwe mukuponda. Kuli tizilombo tozungulira ta minga yakuda yaitali, totchedwa sea urchin pa Chingerezi, tomwe timabisala m'miyala ndi m'ndere, ndipo minga yake imathyokera m'phazi. Gulirani aliyense nsapato zapulasitiki zomanga kumbuyo, zomwe mutha kuzipeza kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam komwe mumaodako, chifukwa masilipasi amavuka m'madzi. Wina akabayidwa, viikani phazilo m'madzi otentha omwe khungu lingapirire osapsa kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, chotsani minga yomwe ikuoneka, koma yolowa kwambiri kapena ya pafupi ndi mfundo musaikumbe ndi singano, pitani nayo kuchipatala. Madzi otentha omwewo amathandizanso munthu akabayidwa ndi nsomba zaululu zobisala mumchenga ndi m'miyala, koma pamenepo ululu umakhala woopsa ndipo kuchipatala n'kofunika msanga. Mwana akawawidwa ndi tizilombo toterera tooneka ngati thovu toyandama m'madzi, tsukani ndi madzi a m'nyanja momwemo, osati a kumpopi, ndipo musatikite. Bala lochekedwa ndi matanthwe a m'nyanja, ngakhale laling'ono, litsukeni bwino ndi sopo ndi madzi oyera chifukwa limachedwa kupola ndipo limatukusira msanga. Auzeninso ana kuti asatole nkhono zamoyo, makamaka zosongoka zamawangamawanga okongola, popeza zina zimabaya ndi ululu woopsa, ndipo nsomba zooneka ngati nyenyezi azisiye m'madzi momwemo chifukwa zikatulutsidwa kuti zijambulidwe zimafa. Zigoba ndi miyala ya coral (matanthwe a m'nyanja aja) musanyamule kapena kugula, zitha kukuvutitsani potuluka.

Dzuwa nalo musalipeputse. Anthu ozolowera kuzizira kwa ku Lizulu, Tsangano ndi Dedza amaganiza kuti khungu lakuda silipsa, koma pamchenga woyera kuwala kumachokera kumwamba ndi pansi pomwe, ndipo kamphepo ka kunyanja kamabisa kutentha. Ana asambe m'mawa ndi chakumadzulo, avale malaya opepuka ndi zipewa, muwadzoze mafuta oteteza ku dzuwa, ndipo azimwa madzi a m'botolo pafupipafupi ngakhale asanadandaule ludzu. Nsomba ndi zina za m'nyanja idyani zophikidwa bwino ndi zotentha, ndipo nyama ya kamba wa m'nyanja musailawe ngakhale wina atakupatsani mwaulemu: mu Malichi 2024 pachilumba cha Pemba, chomwe ndi mbali ya Zanzibar, anthu 9, ambiri mwa iwo ana, anamwalira atadya nyama imeneyi.

Pa za kavalidwe, inu a ku Ntcheu simudzavutika, chifukwa zomwe amafuna kumeneko n'zomwe timachita kale kwathu. Pafupifupi anthu onse a ku Zanzibar ndi Asilamu, ndipo zovala zosambira zimaloledwa pagombe pokha. Mukachoka pamchenga kulowa m'mudzi, mumsika kapena m'tauni, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa, ndipo bambo asayende chifuwa chili pamtunda. M'chaka cha 2021 boma la kumeneko linalengeza chindapusa cha madola mazanamazana kwa alendo ovala mosayenera pagulu, choncho chitenje chikhale m'chikwama nthawi zonse. Pemphani chilolezo musanajambule munthu, makamaka amayi ndi ana, ndipo musamwere mowa m'misewu ya m'mudzi. Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa m'dziko lonse la Tanzania, kuphatikizapo Zanzibar, ndiye nyamulani kachikwama kansalu koikamo zonyowa ndi zinyalala zanu.

Pamchenga mudzakumana ndi anyamata ambiri otsatsa maulendo a pabwato, okaona akamba akuluakulu pachilumba cha Changuu kapena nyama za m'nyanja zotchedwa dolphin ku Kizimkazi. Ambiri ndi anthu ofuna kupeza chakudya basi, ndipo kukana mwaulemu koma motsimikiza n'kokwanira. Ngati mwafuna ulendo wotere, ukonzeni kudzera kwa mwini nyumba yomwe mwafikira kapena kwa woperekeza alendo amene ali ndi chiphaso cha Zanzibar Commission for Tourism, gwirizanani mtengo wonse musanakwere, kuphatikizapo ndalama zolowera kumalo otetezedwa, ndipo musalipire zonse bwato musanalione. Bwato lopanda majekete oyandamitsa okwanira anthu onse, kapena lodzaza mopyola, musakwere ngakhale mutalipira kale theka. Mapasipoti ndi ndalama zambiri zisiyeni pamalo otetezeka kunyumba ya alendo, kugombe mupite ndi zochepa, ndipo kukada musayende m'mbali mwa nyanja m'malo opanda magetsi ndi anthu, chifukwa ndi komwe akuba amadikirira.

Pomwe muyenera kufuna thandizo mosazengereza ndi apa. Mwana amene wavuulidwa m'madzi atamira, ngakhale atadzuka n'kumalankhula, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati akutsokomola mosalekeza, akupuma movutikira, akusanza kapena ali ndi tulo tachilendo, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto patapita maola. Ngati sakupuma, musataye nthawi kumuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti atulutse madzi monga ambiri amachitira kwathu. Mugonekeni chagada pamalo olimba, mupumireni m'kamwa, kanikizani pakati pa chifuwa mobwerezabwereza, wina akuitana thandizo. Kutupa kwa nkhope kapena kubanika pambuyo polumidwa ndi chilichonse cha m'madzi, mutu waukulu ndi chizungulire pambuyo pokhala padzuwa, kapena bala lomwe layamba kufiira ndi kutulutsa mafinya, zonsezi n'za kuchipatala. Chipatala chachikulu cha boma ndi Mnazi Mmoja m'tauni ya Zanzibar, nambala ya apolisi ndi 112, ndipo tsiku lomwe mwafika funsani chipatala chomwe chili pafupi ndi komwe mukugona, musunge nambala ya woyendetsa takisi mmodzi wodalirika, ndi pepala la inshuwalansi lija likhale pafupi. Mukabwerera ku Lizulu, wina akatentha thupi m'milungu yotsatira, kayezetseni malungo ndipo muwauze achipatala kuti munali kugombe la Tanzania.